Tsamba Lomwe Ndinang'amba

Phunziro lolumikiza ziganizo za Chingerezi ndimadana nalo, ndipo sindibisa. Chaka chilichonse likafika, choko chimanjenjemera m'dzanja langa, ana n'kumaganiza kuti ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndi Belita.

Chinali chaka cha 1973. Anandichotsa kwathu ku Dedza n'kundiponya pa kasukulu kena kumtunda kwa Kande, komwe ana ankafa ndi chiseko ndikayesa Chitonga. Ndinkaphunzitsa Sitandade 7. Tsiku limenelo ndinalemba pa bolodi ziganizo ziwiriziwiri n'kuwaonetsa mozimangira pamodzi. Ndinawauza kuti "and" ndi "but" amangoimika ziganizo mbali ndi mbali, koma "because" amafuna kuti unene chifukwa chake. Kenaka, mwa nzeru zanga zoperewerazi, ndinati aliyense alembe chiganizo chake chonena za kwawo.

Ambiri analemba za chinangwa ndi usipa. Belita Mphande, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene ankakhala pafupi ndi zenera, analemba mzere umodzi wokha, mwaukhondo: "They took my father because Mr Longwe told them what he said at the funeral."

Bambo ake, a Obed, anali atasowa kwa miyezi itatu. Mudzi wonse unkati anapita ku Joni kukagwira ntchito. Ndi mmene ankanenera za aliyense amene galimoto ya apolisi yamutenga, ndipo wofunsa zambiri ankamuyang'ana ngati wamisala. A Longwe otchulidwawo sanali munthu wapatali. Anali ahedi athu, a Henderson Longwe.

Tsono pasukulupo panali lamulo. Makope ankapereka ndi sukulu, ndipo Lachisanu lililonse ahedi ankawasonkhanitsa n'kuwerenga masamba limodzi ndi limodzi, chifukwa ana ankang'amba mapepala kukapatsa abambo awo okulungira fodya. Kope likapezeka loperewera, mwini wake ankakwapulidwa sukulu yonse ikuona. Lamuloli ndinkalidziwa bwino, koma mantha anandichotsa nzeru. Linali Lachinayi. Nthawi yopuma, makope ali patebulo panga, ndinatseka chitseko, ndinang'amba tsambalo pamodzi ndi linzake la kumapeto kuti pasatsale chizindikiro, n'kulipinda m'thumba la malaya. Mumtima ndinkadzitama kuti ndapulumutsa mwana. Belita sindinamuuze kanthu, pamene mawu awiri okha akanakwana.

Lolemba m'mawa, ana ali pamizere panja, ahedi anakweza kope m'mwamba, ndodo ili kudzanja linalo.

"Belita Mphande, bwera kuno. Masamba awiri ali kuti?"

"Sindinang'ambe ine, ahedi."

"Nanga anang'amba ndani? Mbuzi?"

Ana anaseka. Belita sanaseke. "Panali ntchito yanga ya Chingerezi. Kope ndinapereka lathunthu."

"Ntchito yanji? Ngati unalembadi, nena timve."

Mwanayo anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinali pafupi zedi, moti ndikanatha kumugwira paphewa. Ndikanangoti ndinang'amba ndine, inki inatayikira, nkhani ikanathera pomwepo. Kabodza kakang'ono chotero, ine amene ndinkanama tsiku ndi tsiku za Joni. Koma sindinatero. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Belita sanali mwana wonama, ndipo kutchedwa wakuba mapepala sanakufune. Anadzutsa mutu, manja kumbuyo monga ndinkawaphunzitsira, n'kunena chiganizo chonse, liwu lililonse momveka bwino. Ana aang'ono sanatolepo kanthu. A Sitandade 8 anamva, ndipo ena anawerama. Ahedi anamvanso.

Sanamukwapule. Anatsitsa ndodo pang'onopang'ono n'kumubwezera kope ndi manja awiri, ngati akupatsa munthu wamkulu. "Chingerezi chabwino kwambiri," anatero ahediwo. "Aphunzitsi ako akukuphunzitsa bwino." Kunena zoona, bola akanamukwapula.

Lachitatu malo ake a pazenera anali opanda munthu. Loweruka ndinadzera dala kwawo. Chitseko chinali pululu, chinangwa chikadali pathandala, nkhuku zikujompha popanda wozipirikitsa. Mayi oyandikana nawo, a Jessie, anandiyankha maso ali pa lichero lawo. "Apita ku Ruarwe kwa abale, aphunzitsi." Anazinena ndi liwu lomwe lija limene anthu ankanenera za Joni. Ndinalembera mphunzitsi mnzanga wa ku Usisya, kufupi ndi Ruarwe, kuti andifunsire. Anayankha kuti palibe mayi ndi mwana a dzina limenelo amene anatsika sitima kumeneko, ndipo ndisadzamulemberenso.

Ine palibe anandikhudza, ndipo chimenecho ndicho chimandidya kwambiri. Chaka chotsatira anandisamutsira kuno ku Tukombo, ndi kalata yabwino yochokera kwa a Longwe. Tsamba lija ndikadali nalo. Kulisunga ndi ngozi, ndikudziwa, koma ndayatsa machesi kangapo n'kulephera. Pamwamba pake pali deti, pansi pali mzere umodzi uja, wosachonga.

Tsopano papita zaka khumi ndi ziwiri. Phunziro lija likafika ndimapereka ziganizo zanga, za mbuzi ndi za mvula. Sindiuzanso mwana wa munthu kuti alembe za kwawo. Koma ndikangolemba "because" pa bolodi, kumbuyo kwanga cha pazenera kumamveka mawu a mtsikana akumalizitsa chiganizocho, liwu lililonse momveka bwino. Sinditembenuka. Ndimaopa kumuona, ndipo ndimaopanso kupeza kuti palibe munthu.

Sabata yathayi, tili pa phunziro lomwelo, mtsikana wina wa kutsogolo, Agnes, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mukulankhula ndi ndani?"

M'pamene ndinadzimva ndekha. Ndinali nditaima choyang'ana bolodi, choko chili m'dzanja, ndikubwereza mokweza pamaso pa ana makumi asanu.

"Ndinang'amba ndine, ahedi. Mwanayu musiyeni. Ndinang'amba ndine."