Njinga Yamoto Pabalaza

Amuna anga atapuma pa ntchito, ndinkaganiza kuti nanenso ndipumako. Ndinadzinamiza. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akudinda mapepala mu ofesi, akabwera kudzakhala pakhomo amafuna china choti adinde. Anayamba ndi ine. Ndikamasoka zovala za anthu pakhonde, iwo ali kumbuyo kwanga: "Mzere umenewo wapotoka, mayi." Ndikamatsuka mbale: "Sopo mukumuwononga." Choncho tsiku limene anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuvundukula chilona chimene chinafunditsa njinga yamoto ya malemu achimwene awo, ine ndinathokoza kumwamba kuti apeza chochita.

Njingayo inakhala kuseriko chimwalirire mwiniwake. Akazi a malemuwo, amene ana athu amawatchula kuti Amayi Aakulu, analibe poisunga atasamukira m'kanyumba kakang'ono. Matayala anali ataphwa n'kung'aluka, tcheni chitagwirana ndi dzimbiri, ndipo pachishalo nkhuku zinali zitatsegulapo chipatala choikira mazira. Amuna anga atatsegula thanki munatuluka mavu.

"Iyi ndiye njinga," anatero amuna anga akusisita tsaya lotupa. "Za masiku anozi ndi zitini. Mwezi umodzi wokha muimva ikulira."

"Mukonzera kuti?"

"Pabalaza. Panja pali fumbi."

Anaikokera m'nyumba, n'kukankhira mipando kukhoma. Kumasula anamasula bwino kwambiri, pamenepo sindingawanamizire. Sabata isanathe njinga inali itamwazikana nyumba yonse. Mabawuti anali m'mbale zanga za alendo, tcheni chikusamba palafini m'beseni lochapira, injini itagona patebulo lodyera ngati wodwala woyembekezera dokotala. Nsalu ya kasitomala wanga ndinaipeza atapukutira girizi. Nditafunsa, anati inkaoneka ngati chisanza.

Kenaka inabwera komiti. Sindidziwa kuti amuna amanunkhiza bwanji, koma paliponse pamene mnzawo wagwira sipanala amafika. Woyamba anali Aphunzitsi, opumanso pa ntchito, amene anabwera ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Wachiwiri anali wometa wa pakona, amene ankatseka shopu yake kuti adzathandize. Wachitatu anali mkulu wina woyandikana nafe amene aliyense amangomutchula kuti Ndinaliko, chifukwa chilichonse chimene ungafotokoze, iye analiko.

"Vuto lake ndi kabureta," Aphunzitsi ankatero.

"Kabureta chiyani! Ndi pulagi," ankatero wometa.

"Njinga ngati imeneyi ndinaimasulapo mumdima, mvula ikugwa," ankatero Ndinaliko, manja ali m'thumba.

Pa atatuwa panalibe amene anadetsapo chala. Koma tiyi ankamwa ngati anthu olima. Ndikabwera ndi makapu ankakhala chete mpaka nditatuluka, ngati kuti ndingabe nzeru zawo n'kukatsegula galaja yanga.

Mwezi umodzi uja unabereka miyezi inzake. Chitsulo chilichonse chakale chimene komiti yachiweruza, amuna anga ankachiponya m'thumba n'kupita kukagula chatsopano. Zina zinkabwera zosalowa, n'kukagulanso. Tchire linamera kuseri pamene panali njinga paja, denga la bafa linayamba kudontha, koma bambo anali otanganidwa. Mwana wathu wamkazi atabwera kudzationetsa chibwenzi chake, mnyamata wa eniakeyo anakhala pa tayala, chifukwa mipando yonse inali ndi mawaya.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti tsiku lina chinthucho chingalire. Ndinali pamakina osokera pamene ndinamva chiphokoso ngati denga lagwa. Utsi unatulukira pazenera, galu anathawa osabwerako mpaka madzulo, chithunzi cha ukwati wathu chinagwa pakhoma. Ndinathamangira mkati n'kupeza madoda anayi akukumbatirana mu utsi, akutsokomola, misozi ili mbwee. Amuna anga sanandikumbatirepo choncho ngakhale tsiku limene ndinawaberekera mwana wamwamuna.

Kunena zoona, njingayo inakongola. Anaipaka penti wofiira, chishalo chatsopano, magalasi awiri owala. Anaitulutsa panja Loweruka masana, anthu a mumsewu wathu atasonkhana.

"Kwerani, bwana, tione!" anakuwa wometa.

Apa m'pamene ndinaona amuna anga akungoizungulira njingayo osakwera. Ndinawakokera pambali.

"Bambo, kodi munayendetsapo njinga yamoto inu?"

"Achimwene ankandikweza kawirikawiri."

"Kumbuyo."

"Munthu wa kumbuyo ndi amene amaona zonse," anatero, n'kuvala chipewa.

Aphunzitsi anawauza kuti kilatchi aisiye pang'onopang'ono. Ndinaliko anati aisiye kamodzi, ngati mwamuna. Anamvera Ndinaliko. Njinga inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi, inadutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala n'kutenga siketi yanga, imene inawaphimba kumaso. Ulendo wonse unathera pampanda wa njerwa wa anansi athu. Njinga inangokalika galasi limodzi. Mwendo wa bambo ndiwo unathyoka.

Pamene ndinkayang'ana woti andithandize kuwanyamula, komiti inali itabalalika. Wometa anakumbukira kuti ali ndi makasitomala. Ndinaliko, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anauza anthu kuti kunalibe iye.

Bambo atabwerako kuchipatala ndi chikhakha kumwendo, Amayi Aakulu anabwera kudzazonda matenda, limodzi ndi mwana wawo wamwamuna, amene anamaliza sukulu koma ntchito osaipeza. Njinga tinali titaibwezera pabalaza, chifukwa wodwalayo ankafuna kumaiona ali gone pasofa. Amayi Aakulu atangolowa anaponya chikwama pansi n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Ngati adzuka!" Anaisisita thanki, misozi ikutsika. "Alamu, Mulungu akudalitseni. Sindinkadziwa kuti mumawakonda chonchi achimwene anu."

Amuna anga anamwetulira, chifuwa chikufufuma. "Ndi magazi amodzi, alamu. Sindikanalola kuti iwole."

"Mwachita bwino. Ndiye mwana wanuyu aitenga lero lomwe. Azinyamulira anthu, apezeko podyera. Bambo ake akanakondwa."

Kumwetulira kuja kunazima ngati nyali yothera mafuta.

"Aitenga? Alamu, njinga imeneyi ndaimanga ndine! Matayala ndi anga, tcheni ndi changa, mawaya, batire, chishalo. Za achimwene zatsalapo ndi fulemu ndi nambala basi!"

"Nanga zina zonse zili kuti?"

"M'thumba umo!"

Amayi Aakulu anasuzumira m'thumbamo, n'kugwedeza mutu mwachisoni. "Zimenezi sungani ndinu, alamu, muzikumbukira nazo achimwene anu. Ine sindine munthu wotenga zonse."

Amuna anga anatembenukira kwa ine. "Mayi, simulankhulapo?"

Ndinayang'ana tebulo langa lodzaza mabanga a oilo, makatani onunkha utsi, ndi mwendo woyera uja utasanjikidwa pa pilo.

"Ndilankhulapo," ndinatero. Ndinatembenukira kwa mnyamatayo. "Mwanawe, chitseko ndikugwirire?"

Mnyamatayo anaikankhira panja mwaulemu wonse, anaiponda kamodzi, inalira, n'kukweza mayi ake kumbuyo. Anatuluka pageti mosalala ngati akuyenda pa batala. Bambo anamvetsera kulira kwake mpaka kunazimiririka.

"Akuchedwa kusintha giya," anatero, n'kutembenukira kukhoma. Masiku angapo sanandilankhule, ndipo ndinasoka madiresi ambiri kuposa mwezi wina uliwonse.

Tsiku lokachotsa chikhakha, mnyamata uja anabwera kudzawatenga pa njinga yomweyo. Poyamba bambo anakana, akuti bola ayende pansi. Atayesa kufika pageti ndi ndodo, anasintha maganizo. Ndinawakweza kumbuyo, manja atagwira mwana wa achimwene awo m'chiuno. Asananyamuke n'komwe anali atayamba kale.

"Kilatchi uziisiya pang'onopang'ono, wamva? Anthu ambiri amalakwitsa pamenepo."

"Chabwino, bambo aang'ono," anayankha mnyamatayo, nkhope ili phee.

Madzulo bambo anabwerako akuwala nkhope. Anati pachipatala anthu anaizungulira njingayo, ndipo anawafotokozera onse, mpaka mlonda wa pageti, kuti anaimanga okha ndi manja awo. Za mwendo anawauza kuti anaterereka kubafa.