Chithunzi Chimodzi Chokha

Pabwalo losewerera ana kuseri kwa laibulale amanditchula a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene ndanena kwambiri pa zaka makumi awiri zimene ndakhala ndikujambula zithunzi. Ineyo sindimwetulira. Mkazi wanga amati nkhope yanga ndi ya munthu amene wangouzidwa kuti basi yamusiya, ndipo ndikafika pakati pa ana nditakoleka kamera m'khosi, kholo lililonse lanzeru limayamba kuwerenga ana ake.

N'chifukwa chake ndinadziikira malamulo. Kamera imakhala pachifuwa, poonekera, osati m'chikwama ngati nkhuku yakuba. Ndisanajambule ndimapita kaye kwa makolo pa benchi, kuwapatsa moni, n'kuwaonetsa kalata ya ku laibulale yonena kuti akufuna zithunzi za ana akusewera zoti apachike m'chipinda chowerengera ana. Ndikajambula ndimawaonetsa pa kagalasi ka kuseri kwa kamera. Akati ayi, ndimafufuta iwo akuona, ndipo sindifunsa chifukwa. Mwana ndi wawo, ine changa ndi batani basi.

Makolo ambiri nkhawa imawathera akangoona chithunzicho, kenako imayamba ina. Dalaivala wina anayang'anitsitsa cha mwana wake n'kunena kuti, "Palibe vuto, akulu, koma fufutani. Apa wafanana kwambiri ndi apongozi anga." Ndinafufuta.

Tsiku limene ndikufuna kunenali mvula inali itagwa m'mawa, ndipo pansi pa katungwe panali chithaphwi. Namwino wina anali atandilola kujambula mapasa ake, koma anawo atangomva kuti akujambulidwa anaima njo ngati asilikali, manja m'mbali. Ndinati mwetulirani, iwo n'kuonetsa mano ngati ali kwa dokotala. Ndikulimbana nawo choncho, kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kovala juzi yachikasu yofika m'mawondo, kanatulukira kumanzere kakuthamanga n'kulumphira m'chithaphwi muja ndi miyendo yonse iwiri.

Chala chinadina mutu usanavomere.

Ndinayang'ana pa kagalasi. Mwanayo anali m'malere, madzi atamwazikira mbali zonse, kukamwa kuli yasa, mano awiri akutsogolo kulibe. Zaka zonsezi ndajambula maukwati, maliro ndi nkhope za pa ziphaso zosawerengeka, koma chithunzi chotere ndinali ndisanachigwirepo. Mayi woyang'anira laibulale anali atanena kuti chabwino koposa adzachikulitsa n'kuchiika pakhomo penipeni. Ine ndinali nditachiona kale chili pamenepo, dzina langa lili m'munsi.

"Mwamujambula mwana wanga?"

Anali mayi amene ndinali ndisanamuonepo. Sanachokere pa benchi pamene pamakhala makolo. Nthawi yonseyi anali ataima pageti, nkhope italoza kumsewu.

"Eya, mayi. Ndalakwa, sindinapemphe," ndinatero. Ndinatulutsa kalata ija n'kuyamba kufotokoza monga mwa masiku onse.

"Pakhoma? Poti aliyense aziona?"

"Aliyense wobwera kudzawerenga mabuku. Ndiye kuti anthu ochepa kwambiri."

Nthabwala imeneyi imagwira ntchito kwa makolo asanu ndi anayi mwa khumi. Iye anali wachikhumiyo.

"Fufutani," anatero.

Apa ndiulule kuti ndinachita zimene sindichita. Ndinayamba kunyengerera. Ndinati dzina la mwana sitilemba, pa intaneti sitiika, laibulale ndi malo aulemu. Ndinafika mpaka ponena kuti mwanayu akadzakula adzanyadira. Pakamwa pankangotuluka mawu ngati wogulitsa mankhwala a makoswe.

Anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anati, "Bambo ake akutisakasaka. Dzina sakulifuna, analipereka okha. Nkhope amaidziwa."

Ananena mosakweza mawu, ngati akundiuza nthawi. Ndinachita manyazi kwambiri, manyazi a munthu wamkulu amene wagwidwa akukanganira chidole. Ndinatembenuza kamera kuti aone, n'kudina batani lofufutira. Kamera yanga ili ndi khalidwe limodzi labwino kuposa ine: isanafufute imayamba yafunsa ngati watsimikiza.

"Dikirani," anatero mayiyo.

Anagwira kamera ndi manja awiri, lamba akadali m'khosi mwanga, moti ndinawerama ngati mbuzi yomangidwa pachingwe chachifupi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Waseka liti chonchi?"

"Pompano. Pachithaphwi apo."

"Ine sindinaone. Ndimayang'ana kumsewu." Anapukuta kagalasi ndi chala ngakhale kanali koyera. "Zithunzi zake zonse zinatsala m'nyumba muja. Foni anaiswa. Tinangotuluka ndi chikwama chimodzi."

Msana unayamba kuwawa, koma sindinasunthe. Ndinamuuza kuti kashopu kanga kali tsidya la msewu, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi, ndipo muli makina osindikizira zithunzi. "Tiyeni ndikakutsukireni chimodzi chokha, chanu. Kenako mufufute nokha."

Mwana uja anali atafika, matope mpaka m'makutu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kukoka siketi ya mayi ake.

"Amayi, akufuna anditsuke? Ine ndasamba kale."

"Sititsuka iwe," ndinatero. "Titsuka chithunzi."

"Chada?"

"Ayi."

"Ndiye mukutsukiranji?"

Zaka makumi awiri pantchitoyi, funso limeneli linali lisanandifikepo. Ndinati ndi mmene timanenera basi, ndipo mwanayo anandiyang'ana momvera chisoni.

M'shopu mayiyo anakana mpando, anaima poti azitha kuona pakhomo. Makina anga ndi okalamba, amayamba akhosomola kaye. Pepala linatuluka pang'onopang'ono: nsapato, madzi, juzi yachikasu, kenako kukamwa kuja. Mwanayo anafunsa kuti bwanji chatuluka chouma. Ndinachiika mu envelopu yolimba imene ndimasungira makasitomala a ukwati.

Kenako ndinafufuta pa kompyuta iye akuona, n'kutsegula kumene zofufutidwa zimabisala, n'kufufutanso kumeneko. Pomaliza ndinavula kamera m'khosi n'kumupatsa. Inamufunsa ngati watsimikiza. Anadina. Pa kagalasi panabwera mapasa aja ataima njo.

"Palibenso china?" anafunsa.

"Padziko lonse chilipo chimodzi, ndipo chili m'manja mwanu."

Anathokoza kamodzi n'kutuluka. Asanafike ndi pakhomo pa telala anali atatsegula kale envelopu ija. Ankayenda maso ali pachithunzi, osacheuka, osayang'ana kumanzere kapena kumanja, mpaka mwanayo ndi amene anamukoka dzanja pamphepete pa msewu kuti njinga idutse. Dzuwa linali litatuluka, kuwala kukugwera bwino pa juzi ija. Kamera inali pa kauntala pafupi ndi dzanja langa, ndipo ndinaisiya pomwepo.

Nditamufotokozera mkazi wanga anati ndimuonetse. Ndinati ndilibe. Anati asodzi onse amatero, nsomba yaikulu ndi imene inapulumuka, koma pondipatsa tiyi anaika shuga wambiri kuposa masiku onse.

Lolemba ndinapereka zithunzi ku laibulale. Mayi woyang'anira anaziyala patebulo, anavala magalasi, n'kunyamula cha mapasa aja, manja m'mbali, mano pamtunda.

"A Mwetulirani, chabwino koposa n'chimenechi?"

"Mwa zimene ndili nazo," ndinatero, "n'chimenecho."