Thumba pa Geti la a Merv

Narelle Dunstan ankawotcherera zitsulo m'shedi ya kuseri kwa nyumba ya bambo ake, kunja kwa tauni ya Dubbo. Alimi ankamubweretsera ngolo zothyoka ndi mageti opindika, mpaka chaka chimene anatulukira kachitsulo kotsekera geti la nkhosa. Munthu ankangokakankha ndi bondo, manja atanyamula katundu, geti n'kutseguka. Koma nkhosa ikagunda ndi mutu, kankagwira zolimba.

Loya wa ku Sydney anamulangiza kuti alembetse patenti, chikalata choletsa ena kukopera luso lake. "Koma tisanapereke mapepala kuboma, asakaone munthu," anatero loyayo.

Vuto linali a Merv, bambo ake. Iwowa nkhani sinkawagonera m'mimba. Nkhosa ikabereka mapasa m'mawa, pofika masana onse omwera mowa kubala anali atamva kuti yabereka atatu.

"Adadi, ulendo uno pakamwa mutseke," anatero Narelle.

"Ine ndinaululapo chiyani chibadwire?"

"Phwando la amayi lija linali lachinsinsi. Oyamba amene munawauza anali amayi omwewo."

"Ndinkaopa angachokepo tsikulo."

Komabe a Merv anayesetsa. Anaphimba kachitsuloko pageti lawo ndi thumba n'kumanga ndi waya. Des, mlimi woyandikana nawo, atabwera kudzabwereka nkhosa yamphongo, a Merv anamuuza kuti adumphe mpanda.

"Geti lili apali, Merv. Wabisamo chiyani m'thumbamo, chibwenzi?"

"Dumpha iwe, mimbayo iphweko."

Narelle ali m'shedi anaseka mpaka anazimitsa makina. Kubala a Merv anasiya kupitako poopa kuti mowa ungawamasule lilime. Madzulo ankazungulira pabwalo, akufotokozera galu mmene kachitsuloko kamagwirira ntchito.

Tsiku limene loya anaimba kuti mapepala alowa, Narelle anapeza bambo ake akumwa tiyi.

"Adadi, tsopano yankhulani."

A Merv ananyamuka nthawi yomweyo kukauza anthu, tiyiyo anazizirira patebulo. Pachionetsero cha zaulimi a Merv anaswera atanyamula kamwana ka nkhosa, akutsegula geti ndi bondo, mpaka mawu anasasa. Ogula anachuluka, moti Narelle analemba amisiri ena ntchito, koma iye ngakhale Loweruka sankapuma.

Patenti itatuluka kale, tsiku lina analowa m'sitolo ya zipangizo zaulimi n'kupeza kachitsulo konga kake pashelefu, kopakidwa penti yofiira, kopangidwa ndi kampani yaikulu ya ku Melbourne. Anaimbira loya ali m'sitolo momwemo.

"Khazikani mtima pansi," anatero loyayo. "Ntchito ya patenti ndi imeneyi. Gulani kamodzi munditumizire."

Loya atawalembera kalata, posakhalitsa panabwera mayi wina wa kukampaniko, nsapato zake zamuofesi zitadzaza matope. Anapepesa, kenako anapempha mgwirizano: iwo azipanga kachitsuloko m'fakitale yawo, dzina la Dunstan litadindidwapo, Narelle azilandirapo gawo lake.

"Penti yofiirayo muchotse," anatero Narelle. "Imasupuka ndi dzuwa lakuno."

Mayiyo anaseka n'kumugwira chanza.

Loweruka lotsatira Narelle anatseka shedi. Anatenga mbedza ndi mpando wopinda n'kutsetserekera kumtsinje, komwe anakhala mapazi ali m'madzi mpaka dzuwa linapendeka. Anagwira nsomba imodzi yokha, yaing'ono, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu.