Chingerezi cha Marjory

Fakitale ya mabulangete itatsekedwa, Marjory wa ku Chawama anayamba kuphunzira Chingerezi kutchalitchi, poti mabwana a ku Kabulonga sankalemba wantchito wa m'nyumba wosachidziwa. Mwamuna wake, Whyson, yemwe ankagwira ntchito pafakitaleyo, sanavomereze kuti ntchito yatha. Ankalawirirabe kukaima pageti lokhoma mpaka dzuwa litapendeka.

Tsiku lina mphunzitsi wawo, Ba Kasoma, anafotokoza kuti chinthu chikachitika n'kutha, mneni wa Chingerezi amamuwonjezera -ed kumapeto. Kenako anauza aliyense kuti anene chiganizo chokhudza kunyumba kwake.

"My husband works at the factory," anatero Marjory.

"Ba Marjory, fakitale ija si anaitseka? Kambani kuti worked."

Azimayi anzake, omwenso amuna awo anali atachotsedwa ntchito, anangoyang'ana m'makope mwawo. Marjory anazyolika, nalitchula liwulo motsitsa, ndipo Ba Kasoma anati wakhoza.

Kunyumba anapeza Whyson akupukuta nsapato pakhomo, fumbi la tsikulo lili m'tsitsi.

"Mwaphunzira chani lelo, amake Nsama?"

"Vinthu ving'onoving'ono chabe," anayankha Marjory.

Anapita kuseri kwa nyumba kukakoleza mbaula, ndipo anakhalitsa kumeneko makala atayaka kale.