Nambala Yosasuntha

Chiikire mota yatsopano yokoka lamba wotulutsa malasha, bokosi la pakamwa pa mgodi linachita ngati lapenga. M'bokosimo munali kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kolandira mphamvu ya magetsi kuchokera ku zida zonunkhiza gasi wophulika pansi, n'kuisandutsa manambala opita ku kompyuta ya mu ofesi. Mota ikangoyamba, uthenga unkafika wothyokathyoka, belu la ngozi n'kulira popanda ngozi. Anthu anatulutsidwa pansi pachabe mpaka anatopa nazo. Kenaka kunabwera akatswiri ena ochokera ku mzinda wa Mackay, anagwiragwira pulogalamu, belu n'kukhala chete. Narelle Pavlich, wokonza zida zoyezera, anangouzidwa kuti akadzapeza mpata afufuze chosokonezacho.

Mpatawo anaupeza m'mawa wina wotentha, ntchentche zikulimbirana m'makona a maso ake. Mlongo wake Lachlan anali atalowa pansi ndi gulu la m'mawa, atamubera theka la payi wake, chitumbuwa cha nyama m'kati, monga mwa masiku onse.

Narelle anayamba ndi mawaya. Anapeza kuti waya woonda wa uthenga anamuyala m'ngalande imodzi ndi zingwe zonenepa za mota, ndipo ukonde wachitsulo womukuta unali lendelende, wosalumikizidwa pena paliponse. Zimenezo sizinamudabwitse. Analumikiza sikopu, chida choonera mayendedwe a magetsi. Uthenga wabwino umaoneka ngati mzere wa njerwa, koma pagalasipo panali udzu wokhawokha, wothithikana, wonjenjemera. Anadikira kuti mwina padutsa uthenga umodzi wathunthu. Sipanadutse.

Anaitana pa wailesi Clem Doolan, wa m'chipinda choyang'anira mgodi, n'kumufunsa kuti gasi wa m'njira yotulutsira mpweya akuwerenga bwanji.

"Ziro poyinti folo, Naz. Mwana wogona. Ukufuna ndimudzutse?"

Narelle anamufunsa kuti nambalayo yasuntha liti komaliza. Clem ankatafuna china chake. Anati sakudziwa, mwina nthawi ya tiyi, mwina asanamwe n'komwe. Nambala yabwino munthu suyiyang'anitsitsa.

Narelle anayang'ananso pa sikopu. Gasi wa mumgodi sakhala duu. Amakwera makina akamadula malasha, amatsika, amagwedezeka ndi chitseko chilichonse chotsegulidwa. Ndipo kompyuta yosalandira kanthu ikanaonetsa bwanji nambala? Yankho linali limodzi: a ku Mackay aja anaiphunzitsa kuti uthenga ukafika wowonongeka, izingoonetsa womaliza umene unali wabwino. Belu analitseka pakamwa motero. Njira yotulutsira mpweyayo anthu sapitako kawirikawiri. Maso a mgodi wonse kumeneko anali kachipangizo aka.

Kulekanitsa mawaya inali ntchito ya tsiku lathunthu. Njira yachidule inali kuzimitsa mota, ndipo anamuuza Clem choncho, n'kumufotokozeranso za udzu wa pa sikopu.

Clem anaseka. Pamgodipo lamulo losalembedwa linali lakuti woimitsa lamba pachabe amagulira gulu lonse katoni ya mowa, ndipo dzina lachipongwe limamumatirira mpaka kupuma ntchito. Wina ankatchedwabe Buleki ngakhale imvi zitamera. Clem anakumbutsanso kuti abwana anali atalumbira kuti wotulutsanso anthu chifukwa cha mizukwa ya m'mawaya akaonera malasha pa TV.

"Ndiye wapeza gasi kapena wapeza udzu, aise?"

"Sindinapeze chilichonse, Clem. N'chifukwa chake ndikuti imitsa."

"Mawa dzina lako ndi Udzu, ndakuuziratu."

Narelle sanafune kunena zoposa zimene ankadziwa. Mwina pansi panalidi bwino. Anayang'ana chingwe chofiira choimitsira lamba pangozi, chotambalala m'mbali mwa lambayo, chakuda ndi fumbi. Anachigwira n'kukoka.

Mota inabuula n'kufa. Malasha anaima pa lamba. Kunamveka khwangwala kutali, ku mitengo ya bulugamu. Pa sikopu udzu unagona, njerwa zinaimirira bwinobwino, imodzi pambuyo pa inzake.

Wailesi inalira ndi mawu a Clem, atayamba kale kutukwana, koma anadukiza pakati pa liwu. Pa wailesipo Narelle anamva belu likulira kumbuyo kwa Clem.

"Nena nambala, Clem."

Anaitchula motsitsa. Asanamalize anatchula ina, yokulirapo.

Clem anadula magetsi onse apansi n'kuimba foni ya kumene ankadula malasha, wailesi ataisiya yotsegula. Foniyo inaitana, inaitana. Pomaliza anayankha kapitawo, ndipo Clem anamuuza popanda nthabwala kuti asiye zonse pamene zili, asakhudze chitsulo ndi chitsulo, ayambe kuyenda.

Narelle anakanikiza wailesi kukhutu, kufunafuna mawu a Lachlan pakati pa mawu a amuna amene ankamveka patali. Wina anatsokomola. Wina ankafunsa kuti ndani wazimitsa. Sanathe kuzindikira aliyense. Anakhala pansi pafumbi, moyang'ana kukamwa kwa mgodi, kumene kunali mdima wokhawokha, ndipo Clem anatchulanso nambala ina.