Dzina la Mzime Papepala

Achimwene ake a Mzime anaika katoni patebulo n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi: kapu yothyoka chogwirira, nsapato zapulasitiki, jasi yoyera ya madontho abuluu m'manja. Ndizo zonse zimene Mzime anasiya ku labu yofufuzira za matenda, kumene unathera utsikana wake. Telala, mkulu wake wa malemuyo, anatenga jasiyo n'kuyang'ana msoko wa m'khwapa. Anausoka ndi Telala yemweyo.

Maliro anali atangotha kumene. Mipando yobwereka inali ikadali pakhonde, ndipo amayi anakhala pansi atatsamira khoma, maso ali kukhomo.

"Nanga pepala lija?" amayi anafunsa. "Akuti lituluka liti?"

Pepala limeneli aliyense m'nyumbamo ankalidziwa ngati m'bale wake. Mzime ankafufuza chifukwa chimene maselo ena a khansa samvera mankhwala. Ankaweta maselowo m'timabotolo, kuwadyetsa timadzi tofiirira, kuwaswa n'kuwerenga DNA yake, mpaka anapeza kachigawo kamene kamawaumitsa mutu. Zimene anapezazo zinali pafupi kusindikizidwa m'magazini ya akatswiri. Kumeneko, iye ankatero, dzina loyamba ndiye mwini ntchito, enawo ndi operekeza. Amayi chinenero cha pepalalo sachimva, koma felemu yoikamo tsamba loyamba anali atagula kale.

Achimwene anakanda m'mutu. "Lituluka, amayi. Kungoti pali kalamulo kena. A Pulofesa, akuluakulu a ku labu aja, akuti munthu womwalira sangakhale woyamba, poti sangayankhe mafunso. Ndiye dzina lake aliika kumapeto, pa mawu othokoza."

"Kumapeto?" Telala anaika jasi pansi. "Nanga loyamba likhala la ndani?"

"La mnyamata uja wa magalasi, ananyamula nawo bokosi la maliro uja."

"Inu munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani, achemwali? Anafuna kumva maganizo a banja, ine ndinati banja silikuonapo vuto."

"Banja lake liti? Inetu sindinafunsidwe. Amayiwa mwina munawafunsa kutulo?"

Achimwene anapisa dzanja m'thumba kufuna mpango wopukutira thukuta, ndipo makiyi anagwa pansi. Anali makiyi a galimoto, olendewera pa kachikopa kokhala ndi chizindikiro chofanana ndi cha pathumba la jasi ija. Munthu ameneyu ntchito inamuthera chaka chatha, ndipo galimoto ankangoiona ikudutsa.

"Ndiyamba Lolemba," anatero asanafunsidwe, maso ali pansi. "Ku labu akufuna dalaivala. Ana anga sangadye pepala. Wapita wapita, dzina alitani kumene aliko?"

Telala anayang'anitsitsa makiyiwo. Anakumbukira Pulofesa pamaliro paja, mpango kumaso, akunena kuti wataya mwana wake weniweni, ndipo dzina la mwanayo silidzafa iye ali moyo. Anthu anang'ung'udza movomereza, achimwenewa n'kumugwira paphewa. Misozi ya anthu ophunzira imauma msanga ndithu. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali cha Pulofesa, poti uyo ndi mlendo. Chinali cha munthu amene anayamwa bere limodzi ndi malemuyo. Amayi anangotembenuza nkhope kuloza kukhoma.

M'mawa mwake Telala sanatsegule shopu yake yosokera zovala. Anakwera basi kupita ku labu, ndipo panjira anadutsa pamphambano pamene lole inagunda njinga yamoto imene Mzime anakwera. Linali Lamulungu tsiku limenelo, banja lonse lili patebulo. Mzime anadzuka chakudya chili pakati, nati maselo sadziwa za Lamulungu, akapanda kudya amafa. Telala anamukalipira kuti maselowo asanduka ana ake, ndipo sanamuyankhe pamene ankatsanzika. Mawu awo omaliza anali amenewo.

Mlembi wa pakhomo anati Pulofesa apita kumsonkhano ndipo sizikudziwika kuti abwera liti. Telala anathokoza, n'kupitirira ngati sanamve. Chipinda cha Mzime anachipeza mosavuta, poti anabwerapo kamodzi kudzamusiyira ambulera. Munali kununkha sipiriti, mafiriji akung'ung'udza kukhoma. Pamalo pa Mzime panali patapukutidwa mbee, ndipo panakhala mnyamata wa magalasi uja, atavala magolovesi, akudontheza timadzi m'timachubu ting'onoting'ono.

Atamuona anaimirira mofulumira, mpando n'kugwa. "Achemwali, takulandirani. Pepani, muno salowa opanda jasi."

"Jasi munatitumizira kunyumba," Telala anayankha. "Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo undiyankhe ukundiyang'ana. Lamulo loti womwalira sakhala woyamba lilipodi?"

Wamagalasi anavula golovesi imodzi, n'kuivalanso. "Kunena zoona, palibe. Dzina limatha kukhala pomwepo, amangoikapo kachizindikiro kosonyeza kuti munthuyo anatisiya."

"Ndiye?"

"A Pulofesa akuti labu ikufunika dzina la munthu wamoyo, woti akaime pamisonkhano. Ndipo ine kontirakiti yanga ikutha. Popanda pepala lokhala ndi dzina langa patsogolo, sandisunga."

"Ntchitoyi unagwira ndi iwe?"

"Ndinathandizako pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono basi," anatero akuyang'ana timachubu tija.

"Kana. Ukawauze kuti sukufuna."

"Ndikakana aika wina, achemwali, ndipo ine ndikhala pamsewu. Ndili ndi khanda kunyumba."

Telala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Aliyense anali ndi ana oti adye pa dzina la mng'ono wake. Anazindikira kuti pano palibe chimene aphule. Iye ndi wosoka zovala, sadziwa ngakhale khomo limene munthu amagogoda pa mlandu wotere, ndipo woyankhulira banja anali atayankhula kale. Mtima unamuwawa.

"Chabwino," anatero. "Dzina mwatenga. Tsono ndionetse maselo akewo. Ndione zinthu zimene anasiyira chakudya patebulo."

Wamagalasi anazengereza, kenako anapita pa kabati yachitsulo yofanana ndi firiji n'kutsegula chitseko. Munatuluka kampweya kofunda, poti m'menemo maselo amawasunga pa kutentha kwa thupi la munthu. Timabotolo tafulati tinagona mondondozana, tili ndi timadzi tofiirira. Telala anawerama kuti awerenge. Zolemba za Mzime ankazidziwa bwino, zopendekera ngati zikuthawa mvula, ndipo madeti onse a pa timabotolo analemba ndi iyeyo. Koma dzina la pamwamba pa kabotolo kalikonse silinali lake.

"Ake ndi ati?"

"Ake mulibe muno. Anawaumitsa mufiriji kalekale, ntchito yake itatha."

"Itatha?" Telala anaweramuka pang'onopang'ono. "Ndiye Lamulungu lija ankabwera kudzadyetsa a ndani?"

Mnyamatayo anavula magalasi. Popanda magalasiwo nkhope yake inaoneka yaing'ono.

"Anga," anatero. "Mkazi wanga anachira movutikira, mwana anabadwa masiku asanakwane. Mzime anandiuza kuti Loweruka ndi Lamulungu ndizikhala kuchipatala, maselo aziona ndi iye. Anati ndisauze a Pulofesa, angandione ngati waulesi. Chiyambire pamenepo sanaphonyepo."

"Ndipo pamaliro paja unanyamula bokosi, osanena kanthu."

"Ndinaopa."

"Dzina lake lokha ndiye sunaliope."

Wamagalasi anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kubisa nkhope m'magolovesi. Telala anamuyang'ana osamva chisoni ngakhale pang'ono. Ankaganiza za mng'ono wake akudzuka patebulo paja, kulola kukalipiridwa pamaso pa banja lonse, osatchula n'kamodzi komwe kuti akupitira mwana wa eni.

Kabati ija inayamba kulira, ti ti ti, kanyali kofiira kakuphethira pamwamba. Chitseko chinali chikadali pululu.

"Chikulira chiyani?"

"Kutentha kukutsika," anayankha osadzutsa mutu. "Chikakhalitsa chotsegula amazizidwa, amafa."

Telala anayang'ana timabotolo tija. Ntchito yonse ya mnyamatayu inali mmenemo, ndipo panalibe chimene iye ankayenera kuchita koma kungotuluka. Anafika mpaka pakhomo, chikwama chili m'khwapa. Anaima pamenepo kanthawi, kabati ikulirabe kumbuyo kwake.

Kenako anabwerera. Kabotolo kamodzi kanali katasendera kumphepete kwa shelefu, ndipo anakakankhira mkati ndi nsonga ya chala, pafupi ndi deti lomaliza limene Mzime analemba. Anatseka chitseko ndi manja awiri, mosamala, n'kuchigwirabe mpaka kulira kuja kutaleka.