Amayi a Kuseri

Kalaliki wa kubanki anadinda pepala lomaliza, nalitembenuza kuti liyang'ane kwa eni ake.

"Basi, bambo, mwamaliza. Ngongole ya nyumba ya zaka makumi awiri mwaigwetsa m'zaka khumi ndi chimodzi. Anthu ngati inu mumatigonetsa ndi njala ife a banki," anatero uku akuseka.

A Ikatha sanaseke. Anavala magalasi awo a mwendo umodzi womanga ndi waya, nawerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenaka n'kuyambiranso. Dzina loti Ikatha anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa chilichonse chimene munthu angawapemphe, yankho linali limodzi: "Ikatha ngongole." Nsapato, ikatha ngongole. Nyama, ikatha ngongole. Ngakhale dzino likawawa, ankaliuza zomwezo.

Mkazi wawo, Mayi Telala, anakhala pambali chikwama chili pamiyendo. Tsiku limeneli analiganizira zaka zambiri ali pamakina osokera, ndipo ankayesa kuti likadzafika adzalira, mwinanso kuvina pamaso pa anthu osachita manyazi. Koma mtima wake unangoti zii. Chimene ankamva n'chakuti nsapato yakumanzere inkamuluma chala.

Atatuluka panja, basi inaima pafupi nawo, kondakitala akuitanira anthu. Mayi Telala anaponya phazi kulowera komweko, koma amuna ake anali atauyamba kale wapansi monga mwa masiku onse. Iye anangowatsatira.

Nyumba imene anamaliza kulipira tsiku limenelo anali asanagonemo ngakhale kamodzi. Nzeru zake zinali za a Ikatha, amene ntchito yawo inali yowerengera katundu m'sitolo yogulitsa zitsulo. Atangolandira makiyi analowetsamo anthu a lendi, banja la makaniko wina, ndipo eni akewo anakakhala kuseri, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene mwini wakale ankasungiramo katundu. Ndalama ya lendi inkapita yonse kubanki, pamwamba pa imene bankiyo inkadula kumalipiro, kuwonjezanso ina iliyonse yotsala pamwezi. Ndipo a Ikatha ankaonetsetsa kuti itsale. Magetsi ankazimitsa nthawi ya eyiti. Tizidutswa ta sopo ankatimata pamodzi kuti tibereke sopo wina. Masamba a tiyi ankawaphika mpaka atapepesa okha. Ana a makaniko, amene anabadwira m'nyumba yaikuluyo, ankamuitana Mayi Telala kuti "amayi a kuseri", ndipo iye ankavomera.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Tsiku lolandira makiyi, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwanayo anathamanga m'nyumba monse nasankha chipinda cha zenera lalikulu. Bambo ake anamuuza kuti n'chake ndithu, ikatha ngongole. Anakulira pamatiresi oyala pansi pambali pa makina osokera, m'mawa uliwonse n'kudzuka ndi tiulusi m'tsitsi. Tsopano anali atamaliza maphunziro a unamwino, ndipo pakhomopo ankangomuti Namwino. Lamlungu m'mawa ankayenera kunyamuka kukayamba ntchito kuchipatala cha kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi. Tsikuli linali Lachinayi, ndipo pangano la lendi linkatha Loweruka. Mayi Telala anali atawerengetsera bwino: usiku ndi umodzi wokha, komabe mwana agona m'chipinda chake asanapite.

"Makaniko mwamukumbutsa za Loweruka?" anafunsa atafika pamlatho. "Ndikufuna ndikolope masana, madzulo mwana alowe."

A Ikatha anayankha akuyendabe.

"Nkhani imeneyo ndimati tikakambirane kunyumba, mayi."

"Ngakhale pano makutu ndili nawo. Nenani."

"Ndasainirana naye chaka china."

"Liti?"

"Sabata yatha. Tamverani kaye. Denga lija likudontha malo awiri. Ine zaka zitatu zikubwerazi ndipuma pantchito. Lero kubanki sitinasiyeko ngakhale yogulira mankhwala a mutu. Tikalowa m'nyumba muja lendi yaima, ndiye tizidya makoma? Chaka chimodzi si kanthu. Sunga khosi, mkanda uoneka."

"Khosilo lachita makwinya, bambo."

Anawanena mawuwo mosakweza. Anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Anawayang'ana amuna akewo cham'mbali: kolala yotembenuza imene anaisoka yekha, dzanja lili pathumba la malaya m'mene munali pepala la kubanki. Sankanama, ankaopa. Munthu amene wasenza katundu nthawi yaitali, ngakhale umutule amayendabe chowerama.

"Nanga mwana?" anafunsa.

"Adzabwera patchuthi. Chipinda sichithawa."

Atafika, anadutsa khomo la kutsogolo osaliyang'ana, nalowa m'kanjira kothina ka pakati pa khoma ndi mpanda, koyenda munthu mmodzimmodzi. Anapeza Namwino akupinda mayunifolomu ake oyera n'kumaika m'sutikesi.

"Eni nyumba afika!" anakuwa mtsikanayo. "Ndiombe m'manja, adadi, kapena nazonso ikatha ngongole?"

A Ikatha anamwetulira pang'ono, namuonetsa pepala lija osalisiya m'manja, kenaka anatuluka ati akaone mpopi ngati sukudontha. Mayi Telala anakhala pampando wa makina, navula nsapato, namuuza mwana wake za chaka chinacho. Namwino anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Amayi, inu mumayembekezeradi? Ine ndinasiya kale ndili kusekondale. Adadi ndi adadi. Ikatha yatha, tsopano tiyamba Chikatha."

"Ndimafuna ugonemo usanapite."

"Aa, zisiyeni. Kumene ndikupitako akuti andipatsa chipinda changa, cha bedi ndi chitseko chotseka. Tandipatsirani malaya awo ali pamsomaliwo."

Kusekako kunamulowa Mayi Telala kuposa mawu a pamlatho aja. Ndiye kuti mwana anasiya kudikira kalekale, osauza munthu, pomwe amayi ake ankamuuzabe mtundu wa makatani amene adzamusokere.

Lachisanu lonse anakhala pamakina. Anasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada, nausomola, n'kuusokanso chagada. Sanadzikalipire. Anangotenganso lumo.

Loweruka m'mawa, amuna ake atapita kuntchito, anavala diresi labwino ngati wa paulendo, nazungulira kupita kukhomo la kutsogolo. Anaima pakhonde lake lomwe n'kuodira. Mkazi wa makaniko, mayi wonenepa wa pakamwa posauma, anatsegula manja ali thovu lokhalokha.

"Ee, alandilodi! Lero mwadzera kutsogolo? Kwagwanji?"

"Ndabwera kudzapempha."

"Inu kupempha kwa ine? Ngati ndi mchere nenani, koma shuga musayerekeze, ana anga ndi nyerere."

"Chipinda. Cha zenera lalikulu chija. Usiku wa lero wokha."

Anafotokoza zonse mwachidule, ngati akuwerenga miyeso ya kasitomala. Mkazi wa makaniko anapukuta manja pang'onopang'ono, nthabwala zitamuthera.

"Mayi, zaka zonsezi osanena? Ife kumangoti mtsikana wa kuseri ndi wamanyazi, timuitane kudzaonera kanema amakana. Kani nkhani yake inali imeneyi? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atsikana anga agona pabalaza, sadzafa. Lowani, taimirirani panja ngati wogulitsa masache bwanji?"

Mayi Telala analowa. Anakankha chitseko cha chipinda chija koma sichinatseguke.

"Chimenecho chimafuna bondo," anatero mkazi wa makaniko. "Muchinyamule pang'ono, kenaka muchigunde apa. Ndipo magetsi ake musawafune pakhomo, poyatsira pali kuseri kwa kabati. Mpopi wa kubafa musapotoze kwambiri, umalira."

Mwini nyumba anamvetsera zonsezo n'kumagwedeza mutu. Anatulutsa mabedi a ana aja mothandizana ndi mayi wawo, nakolopa pansi ngakhale panali poyera kale.

Dzuwa litapendeka anauza Namwino kuti agwire matiresi mbali imodzi.

"Amayi, mwakapempha kwa anthu? Mwandichititsa manyazi."

"Gwira."

Anayenda nawo matiresiwo m'kanjira kothina kaja, atawapendeketsa kuti akwane. Pakhonde Namwino anavula nsapato, naodira, napereka moni kwa mkazi wa makaniko mwaulemu wonse, ngati munthu wobwera kudzafunsa ntchito. Amayi ake anachinyamula chitseko, nachigunda ndi bondo.

Anaika matiresi pakati pa chipinda. Makoma anali opaka penti wobiriwira, ndipo pafupi ndi chitseko panali timizere ta pensulo tokwerakwera, pamene makaniko ankayeza msinkhu wa ana ake chaka ndi chaka. Pakhoma lina panali zithunzi zodula m'magazini, kuwindo kukulendewera kachidole kopanda mkono. Namwino anaima manja ali kumbuyo, osakhudza kanthu.

"Kodi chinali chaching'ono chonchi?" anafunsa.

"Ndiwe wakula."

Mtsikanayo anapita pazenera. Amayi ake anakaima pambali pake, ndipo aka kanali koyamba kuti aone chimene zeneralo linkayang'ana. Linkayang'ana kuseri. Kanyumba kawo kankaoneka konse: chitseko chopendekeka, ndowa ziwiri, chingwe cha zovala, ndi a Ikatha, amene anali atangoweruka, atakhala pachitini akusoka nsapato yawo ndi ulusi wa makina.

"Ndiye kuti ankationa chonchi tsiku lililonse," anatero Namwino.

Kubalaza ana aja ankakanganirana pilo.

"Amayi, musandikakamize. Muno mukumveka fungo la ana a eni ake. Ndikagona muno ndikhala mlendo, ndipo tsiku langa lomaliza sindikufuna kukhala mlendo. Kwathu ndi uko."

Analoza ndi mlomo kupyola pagalasi. Mayi Telala anawerama nagwira matiresi mbali yake.

"Mwaiwala chiyani?" anafunsa mkazi wa makaniko atawaona akutuluka.

"Palibe. Zikomo kwambiri, mayi. Tibwera tidzabwezeretse mabedi."

Atatulukira kuseri, a Ikatha anadzutsa mutu. Anaona matiresi, naona kumene akuchokera, naonanso zenera lalikulu lili pululu, makatani ake atakankhidwira pambali. Singano inaima m'manja mwawo. Anangosuntha chitini chawo kuti matiresi adutse.

Lamlungu m'mawa anamuperekeza mwana kudepoti. Namwino anawakumbatira onse awiri, nawauza bambo ake kuti malipiro ake oyamba adzawagulira magalasi a miyendo iwiri, ndipo asadzayerekeze kukawagulitsa. Anakwera, nakhala mbali imene sinkayang'ana kwa iwo. Basi inabwerera m'mbuyo, inakhota pageti, n'kupita.

Anthu ena operekeza anayamba kubalalika. A Ikatha anakhosomola kawiri.

"Mayi, ine ndalakwa. Mawa ndikayankhula ndi makaniko. Ndimubwezera ndalama yake, pepala lija ting'ambe. Denga lizidontha, tidzatchera ndowa. Mwezi uno ukatha tilowe m'nyumba mwathu."

Mawu amenewa Mayi Telala anawadikira zaka khumi ndi chimodzi. Anawamva bwinobwino, onse, koma anafika ngati uthenga wa munthu wina.

"Asiyeni akhale, bambo. Chipinda chija chili ndi eni ake."

"Koma nyumba ndi yathu. Tamaliza kulipira."

"Tamalizadi. Nanga tikalowamo, tikagonekamo ndani?"

Awiriwo anaimabe pomwepo, akuyang'ana malo amene panali basi, mpaka mayi wosesa padepoti anawapempha kuti asunthe mapazi.